Famu ikapsa ku America, boma limalipira chiyani? Mafunso ndi mayankho kuchokera ku kaunti ya Hemphill

Pa 26 Febuluwale 2024 moto unabuka m'tchire kufupi ndi tauni ya Stinnett, kumpoto kwa Texas ku America. Udzu unali wouma gwa, mphepo ikuwomba mwaukali, ndipo tsiku lotsatira malawi anali atafika kale ku Canadian, likulu la kaunti ya Hemphill. Motowo, umene anautcha Smokehouse Creek, unapsereza maekala oposa 1 miliyoni, dera lalikulu pafupifupi ngati boma lonse la Nkhotakota, ndipo m'mbiri ya Texas mulibe moto wina woposa umenewu. Komiti ya aphungu a Texas imene inafufuza nkhaniyi inapeza kuti ng'ombe zoposa 15,000 zinafa ndi moto wa masiku amenewo m'chigawo chonsecho.

Ambiri akamva kuti boma la America limathandiza alimi ogwa m'ngozi, amaganiza kuti akuluakulu amangofika ndi macheke utsi usanathe. Sizitero ayi. Ndalamazo zili ndi njira zake, ndipo njira iliyonse ili ndi fomu yake, tsiku lake lotsekera ndi malire ake.

N'chifukwa chiyani nkhaniyi imakambidwa potchula kaunti?

Kaunti ndi kachigawo kamene kali pansi pa dera lalikulu ngati Texas. Texas yokha ili ndi makaunti 254, dziko lonse lili ndi oposa 3,000, ndipo ambiri ndi akumidzi kwenikweni. Kalembera wa 2020 anapeza anthu 3,382 okha ku Hemphill, ochepa zedi poyerekeza ndi ng'ombe zodya msipu kumeneko.

Ndalama zimachokera ku Washington, koma khomo lake lili pa kaunti. Nthambi ya unduna wa zaulimi yotchedwa Farm Service Agency, mwachidule FSA, ili ndi maofesi oposa 2,000 m'dziko lonse, ndipo mlimi amakanena za tsoka lake ku ofesi ya kwawo. Kumeneko n'kumene kuli nambala ya famu yake, mapu a minda yake ndi mbiri ya zimene wakhala akulima kapena kuweta. Chilala amachiyeza potengera kaunti. Ngongole zapadera amazitsegula potengera kaunti. Alimi awiri oyandikana, wina mbali ino ya malire wina mbali inayo, akhoza kupsa ndi dzuwa limodzimodzi, wina n'kulandira, mnzake n'kutsala chimanjamanja.

Kodi bwanamkubwa wa Texas atalengeza kuti kwagwa ngozi, ndalama zinayamba kutuluka?

Ayi. Bwanamkubwayo, Greg Abbott, analengeza za ngozi m'makaunti 60 pa 27 Febuluwale, ndipo chilengezocho chinathandiza kusonkhanitsa ozimitsa moto ndi zipangizo za boma la Texas. Koma chipepeso cha ng'ombe zakufa sichichokera ku Texas, komanso sichidikira chilengezo cha aliyense. Chinakhazikitsidwa kale m'lamulo la zaulimi la dziko lonse, ndipo ndalama zake zimatuluka ku bungwe la boma la Commodity Credit Corporation, limene linayamba mu 1933 ndipo limaloledwa kubwereka mpaka madola 30 biliyoni kuthumba la boma.

Bungwe la boma loona za ngozi la FEMA, lomwe limatchuka kwambiri pa nkhani za anamondwe, limayang'ana nyumba za anthu, misewu ndi katundu wa boma. Ng'ombe, chimanga ndi mipanda ya famu si zake.

Ng'ombe zikafa, mlimi amalandira zingati?

Ndondomeko ya Livestock Indemnity Program, kapena kuti LIP, imalipira 75 peresenti ya mtengo wa chiweto pamsika. Ikumveka ngati yambiri, koma pali zinthu ziwiri zimene zimaibweza m'mbuyo.

Choyamba, boma limati ngakhale chaka chabwino ziweto zina zimafa ndithu, choncho limayamba lachotsa imfa zachizolowezizo. Tingoyerekeza: mlimi ali ndi ng'ombe 200, ndipo chiwerengero chovomerezeka cha imfa zachizolowezi kwawoko ndi 2 pa 100 zilizonse. Moto ukapha 60, zinayi zoyambirira ndi zake, boma liwerenga 56, ndipo pa 56 zimenezo lipereka magawo atatu mwa anayi a mtengo.

Chachiwiri n'chimene chimawawa alimi odziwa ntchito yawo. Mtengo umene amagwiritsa ntchito ndi wa pa ndandanda imene unduna umatulutsa chaka ndi chaka, wogawidwa potengera mtundu, msinkhu ndi kulemera kwa chiweto. Nkhunzi yambewu imene banja linagula modula, kapena ng'ombe zazikazi zimene lakhala likusankha mosamala kuyambira nthawi ya agogo kuti zizibereka bwino pa udzu wa m'deralo, pa ndandandayo zimangokhala nkhunzi ndi ng'ombe zazikazi basi. Ntchito ya zaka makumi angapo ilibe mzere wake pa fomu.

LIP sinakhalepo nthawi zonse. Inalowa m'lamulo la zaulimi la 2008, mphamvu yake n'kutha mu Seputembala 2011. Mu Okutobala 2013 chimphepo cha chipale chinapha ng'ombe zikwi makumi angapo kumadzulo kwa South Dakota, pa nthawi imene ndondomekoyo inali itafa komanso maofesi a boma anali otseka chifukwa aphungu anakanika kugwirizana za bajeti. Alimi analibe ngakhale kokanena. Lamulo la 2014 ndi limene linaikhazikitsa kuti isamathenso, ndipo linabwerera m'mbuyo kulipira zotayika kuyambira Okutobala 2011.

Nanga ng'ombe imene sinafe koma yavulala, kapena imene inali ndi bere?

Moto wa m'tchire supha zonse tsiku limodzi. Ng'ombe zambiri ku Hemphill zinapulumuka malawi koma zitapsa ziboda, mabere ndi maso, zina mapapo atawonongeka ndi utsi. Eni ake anayenda m'mabusa ndi mfuti masiku otsatira, kuwombera zimene sizikanachira. Ng'ombe zophedwa motero chifukwa cha mabala a ngoziyo zimawerengedwa. Kuyambira 2018, mlimi akagulitsa chiweto chovulala pa mtengo wotsika m'masiku 30 ngozi itachitika, amalandiranso kusiyana kwake.

Za bere n'zimene zinavuta. Motowo unabwera m'nyengo yoswa, ng'ombe zambiri zili pafupi kubereka, koma lamulo linkawerenga mayi yekha. Aphungu a ku Texas anaikokera nkhaniyi ku Congress, nyumba ya malamulo ya dziko lonse, ndipo lamulo limene Pulezidenti Donald Trump anasaina pa 4 Julayi 2025 linawonjezera malipiro a ana ofera m'mimba, kuyambira pa zotayika za pa 1 Januwale 2024. Tsikulo linaphatikiza moto wa Smokehouse Creek. Lamulo lomwelo linakweza malipiro kufika 100 peresenti ngati chiweto chagwidwa ndi chilombo chotetezedwa ndi boma, monga mimbulu.

Boma limadziwa bwanji kuti mlimi sakunama?

Silikhulupirira pakamwa. Limafuna zinthu ziwiri: umboni wa ziweto zimene analipo nazo ngozi isanachitike, ndi umboni wa zimene zafa. Pa woyamba, mlimi amabweretsa malisiti ogulira, kaundula wa ana obadwa, mapepala a dokotala wa ziweto a nthawi ya katemera kapena yoyeza mabere, mapepala a msonkho, ndi a ngongole ya kubanki ngati ng'ombezo zinali chikole. Pa wachiwiri, zithunzi zoonetsa tsiku, kalata ya dokotala, malisiti a kampani yonyamula mitembo ya ziweto, kapena umboni wa munthu wina amene si wachibale kapena wantchito wake.

N'chifukwa chake malangizo oyamba amene alangizi ankapereka moto utangodutsa anali oti jambulani musanakwirire. Ndi mawu olemera kuuza munthu amene waima pakati pa mitembo ya ng'ombe zake, koma dzenje likatsekedwa umboni wapita nalo. Ndipo amene ofesi yake ya pafamu inapsa limodzi ndi mabuku amayamba kupempha makope kubanki ndi kwa dokotala.

Apa mpamene pali mtima wa nkhani yonse. Boma limalipira zimene zalembedwa, osati kukula kwa misozi. Mlimi wamkulu wokhala ndi wowerengera ndalama amadutsa mosavuta. Wamng'ono, amene chiwerengero cha ng'ombe zake amachisunga m'mutu, ndiye amavutika ngakhale atataya zonse. Tsiku lotsekera mafomu a LIP limakhala kumayambiriro kwa Marichi chaka chotsatira.

Ndamva kuti mipanda inadya ndalama zambiri kuposa ng'ombe. N'zoona?

N'zoona. Akatswiri a Texas A&M AgriLife, nthambi ya zaulimi ya yunivesite ina ya ku Texas, anawerengera kuti ulimi wa m'chigawocho unataya pafupifupi madola 123 miliyoni, ndipo ndalama zoposa theka zinali za mipanda. Kumeneko ng'ombe sizikhala ndi abusa, zimasungidwa ndi waya waminga wozungulira mabusa a maekala zikwizikwi. Moto umanyeketsa nsanamira zamitengo, waya n'kufooka. Kumanga mailosi imodzi kumadya madola oposa 10,000, ndipo famu imodzi ikhoza kukhala ndi mailosi makumi angapo. Popanda mpanda, ngakhale udzu utaphuka, palibe pobwezera ng'ombe.

Ndondomeko ya Emergency Conservation Program, ECP, imabweza mpaka 75 peresenti ya ndalama zokonzera, ndipo kwa alimi ongoyamba kumene ndi opeza zochepa imafika 90 peresenti. Malire ake ndi madola 500,000 pa munthu pa ngozi imodzi. Vuto lake ndi loti mlimi amayamba walipira yekha, boma n'kubweza ntchito itatha ndi kuyenderedwa. Lamulo la 2018 linalola kuti pa mipanda munthu alandiriretu gawo lina ntchito isanayambe. Komabe wothamangira kumanga ofesi isanaone malowo akhoza kudzimanitsa yekha.

Msipu ukapsa, ng'ombe zotsala zimadya chiyani, ndipo amalipira ndani?

Pali ndondomeko ziwiri zimene anthu amazisokoneza. Livestock Forage Disaster Program, LFP, ndi ya chilala, ndipo pa nkhani ya moto imakhudza mabusa a boma okha. Malo ambiri ku Texas ndi a anthu eni, choncho alimi a ku Hemphill anapita ku ndondomeko ina yotchedwa ELAP, imene imatola zotsala zonse: msipu wopsa pa malo a mwini, udzu wouma umene unapsera m'nkhokwe, mtengo wonyamula madzi ndi chakudya cha ziweto, ngakhalenso njuchi ndi nsomba zoweta.

LFP ili ndi kayendedwe kochititsa chidwi. Palibe mlangizi amene amabwera kudzaona ngati udzu wanu wauma. Lachinayi lililonse kumatuluka mapu a chilala otchedwa U.S. Drought Monitor, amene akhala akukonzedwa kuyambira 1999 ndi akatswiri a yunivesite ya Nebraska ku Lincoln pamodzi ndi nthambi za boma za zaulimi ndi zanyengo. Mapuwo amaika dera lililonse pa mlingo kuyambira D0 mpaka D4, umene ndi chilala choopsa kwambiri. Mbali ina ya kaunti ikafika pa mlingo wokwanira m'nyengo ya msipu, alimi onse oyenerera m'kaunti imeneyo amatha kulandira 60 peresenti ya mtengo wa chakudya cha ziweto, wa mwezi umodzi mpaka miyezi isanu malinga ndi kukula kwa chilalacho. Kale mlingo wa D2 unkayenera kukhala milungu isanu ndi itatu yotsatizana, koma lamulo la 2025 linatsitsa kufika milungu inayi.

Njira imeneyi ndi yachangu ndipo imachepetsa kukondera. Koma mzere wa pa mapu si mvula. Alimi amadandaula kawirikawiri kuti mapu sakuonetsa zimene zili pa busa pawo, ndipo ena amatumiza zithunzi ndi miyeso ya mvula kwa okonza mapuwo kuti mzere usunthe.

Palinso minda imene boma limalipira eni ake kuti aigoneke ndi udzu kwa zaka 10 mpaka 15 pofuna kuteteza nthaka. Ngozi ikagwa, unduna umalola kuti udzu umenewo udyetsedwe kapena kumwetedwa, ndipo unatero moto wa 2024 utadutsa.

Alimi a mbewu nawo amathandizidwa chimodzimodzi?

Ayi, iwo chitetezo chawo chachikulu ndi inshuwalansi, ndipo imagulidwa mbewu isanalowe m'mavuto. Makampani ndi amene amaigulitsa, koma boma limalipira pafupifupi 60 peresenti ya mtengo wake. Boma linayamba kulowerera pa inshuwalansi ya mbewu mu 1938, dziko litangotuluka m'zaka za chilala ndi fumbi zimene zinasakaza chigawo chomwechi cha kumpoto kwa Texas, Oklahoma ndi Kansas.

Mbewu zimene makampani sazilandira m'kaunti ina, monga ndiwo zamasamba zambiri kapena udzu wa ziweto, zili ndi ndondomeko ya FSA yotchedwa NAP. Mlimi amalipira madola 325 pa mbewu iliyonse, osapitirira 825 m'kaunti imodzi. Chitetezo chake choyambira n'chochepa: chimayamba kugwira ntchito zokolola zikatsika kupitirira theka, ndipo chimalipira 55 peresenti ya mtengo wa pamsika pa gawo lopitirira thekalo. Wofuna zambiri amawonjezera ndalama. Kuwonongeka kuyenera kunenedwa m'masiku 15, koma pa mbewu zothyola ndi manja ndi maola 72 okha, chifukwa tomato wovunda sadikira woyendera.

Amene sanagule chilichonse nthawi yobzala amangoyembekeza chifundo cha Congress.

Nanga mabiliyoni amene timamva pa nkhani kuti Congress yavomereza?

Zimenezo ndi ndalama zapadera, zovomerezedwa ngozi itachitika kale, ndipo chizindikiro chake chachikulu ndi kuchedwa. Namondwe Michael anasakaza thonje ndi mitengo ya mtedza wa pecan ku Georgia ndi Florida pa 10 Okutobala 2018. Lamulo la chithandizo linasainidwa mu Juni 2019 aphungu atakangana miyezi yambiri, ndipo alimi anayamba kulembetsa mu Seputembala, patangotsala pang'ono kuti chaka chikwane.

Za moto wa ku Hemphill zinatenga nthawi yoposa pamenepo. Pa 21 Disembala 2024 kunasainidwa lamulo lopereka pafupifupi madola 21 biliyoni pa ngozi za 2023 ndi 2024. Alimi a mbewu anayamba kulembetsa mu Julayi 2025, ndipo pa chiwerengero chimene fomu inatulutsa boma linayamba ndi kupereka 35 peresenti yokha kuti ndalama zikwanire onse. Gawo la alimi a ziweto amene msipu wawo unapsa pa malo awoawo linatsegulidwa mu Seputembala 2025, patapita chaka ndi theka.

Ndalama zoterezi zimabwera ndi chingwe: wolandira za mbewu amalonjeza kugula inshuwalansi kapena NAP kwa nyengo ziwiri zotsatira, apo ayi abweza. Cholinga n'choti chithandizo chapadera chizichepa. Koma kuyambira 2017 chakhala chikubwera pafupifupi chaka chilichonse, dzina lokha n'kumasintha: WHIP, WHIP+, ERP, kenako SDRP. Chinthu chobwera chaka ndi chaka n'chovuta kupitiriza kuchitcha chapadera.

Kodi pali malire a ndalama zimene famu imodzi ingalandire?

Zimatengera ndondomeko. LFP imalekeza pa madola 125,000 pa munthu pa chaka. LIP ilibenso malire, ndipo chinachotsa malirewo ndi moto wina. Mu Marichi 2017 moto wa Starbuck unapsereza mbali yaikulu ya kaunti ya Clark ku Kansas. Mabanja ena anataya ng'ombe mazanamazana, koma lamulo linkati aliyense asapitirire madola 125,000, ndalama zosakwana kugulira ngakhale theka la khola lalikulu. Mu Febuluwale 2018 Congress inachotsa malirewo, ndipo kumapeto kwa chaka chomwecho inakweza a mipanda kuchoka pa madola 200,000 kufika 500,000. Alimi a ku Hemphill anapindula ndi kulira kwa anzawo a ku Kansas.

Palinso malire a chuma. Munthu amene amapeza madola oposa 900,000 pa chaka, powerengera zaka zitatu, saloledwa kulandira, ngakhale kuti lamulo la 2025 linamasula amene 75 peresenti ya ndalama zawo imachokera ku ulimi weniweniwo.

Ndiye amene amapindula kwambiri ndi ndani?

Mafamu akuluakulu, ndipo si chinsinsi. Malipiro amatsata chiwerengero cha maekala ndi ziweto, choncho wokhala nazo zambiri amataya zambiri ndipo amalandira zambiri. Bungwe loima palokha la Environmental Working Group limatenga kaundula wa malipirowa ku unduna pogwiritsa ntchito lamulo lopatsa anthu ufulu wodziwa za boma, n'kumuika pa intaneti kaunti ndi kaunti kuyambira pa malipiro a 1995. Munthu akhoza kuona zimene kaunti yake inalandira chaka chilichonse ndi mayina a olandira. Bungweli linapeza kuti pa ndalama zothandizira mbewu zikuluzikulu, olandira 10 pa 100 alionse amene ali pamwamba anatenga zoposa magawo atatu mwa anayi.

Boma la Joe Biden linayesa kupendeketsa sikeloyo. Pa chithandizo cha ngozi za 2022 linalipira mokwanira madola 2,000 oyambirira a zotayika, mlingo n'kumatsika pang'onopang'ono mpaka 10 peresenti pa zopitirira madola 10,000. Alimi ang'onoang'ono anapeza bwino, akuluakulu anakwiya kwambiri. Linawonjezeranso ndalama kwa alimi akuda, anthu a mitundu yoyambirira kukhala ku America, amayi ndi magulu ena amene kale ankasalidwa. Alimi ena a ku Texas anakasuma, ndipo mu Juni 2024 woweruza wa khoti la ku Amarillo, mzinda waukulu wa chigawo chomwe chinapsachi, analetsa kugawa motengera mtundu kapena kuti munthu ndi mwamuna kapena mkazi. Mu 2025 unduna unachotseratu njirayo.

Mbali zonse zili ndi mfundo. Wotaya ng'ombe 500 wataya zambiri kuposa wotaya 20. Koma wa 20 uja mwina wataya zonse, ndipo alibe banki yomudikira.

Komiti ya kaunti imene imatchulidwa pa mafomu ndi ya ndani?

Ndi alimi a m'kaunti momwemo, osankhidwa ndi alimi anzawo, atatu mpaka 11, aliyense kwa zaka zitatu. Mwambowu unayamba m'ma 1930. Komitiyo imaunika mafomu, kuvomereza kapena kukana umboni, ndiponso kulemba ntchito mkulu wa ofesi. Ubwino wake ndi woti anthuwa amadziwa dera: munthu akanena kuti anali ndi ng'ombe 300 pa busa losakwana 100, wina pa tebulopo adziwa.

Kudziwana komweko kunapwetekanso anthu. Kwa zaka zambiri, makamaka kum'mwera kwa dzikolo, alimi akuda ankakanizidwa kapena kuchedwetsedwa ngongole ndi chithandizo cha ngozi m'maofesi a m'makaunti. Mlandu wa Pigford, umene alimi akuda anasumira boma mu 1997, unatha ndi mgwirizano mu 1999, boma n'kulipira pafupifupi madola 1 biliyoni, ndipo mu 2010 linavomera kuwonjezera madola 1.25 biliyoni kwa amene anachedwa kulembetsa.

Wokanidwa lero akhoza kupempha komiti kuti iunikenso, kupita ku komiti ya dera lonse, kapena kuchita apilo ku National Appeals Division, nthambi yosadalira FSA. Ali ndi masiku 30.

Wochita lendi malo, wantchito wa pafamu kapena mlendo amalandira?

Lamulo limafunsa kuti ndani anasenza chiopsezo. Ng'ombe zikafa, amalandira mwini ng'ombe, ngakhale busa likhale la wina. Mpanda ukapsa, amalandira amene alipire kukonza kwake. Alimi oweta nkhuku za makampani pa mgwirizano amalandira pa gawo lawo lokha. Wolandira ayenera kukhala nzika, kapena mlendo wokhala ndi chilolezo chokhazikika, kapena kampani yolembetsedwa m'dzikomo.

Wantchito alibe gawo m'ndondomeko zimenezi. Anthu obwera pa chiphaso cha ntchito za nyengo cha H-2A, ambiri ochokera ku Mexico, ena ku South Africa, munda ukawonongeka ntchito imachepa, koma cheke chimapita kwa bwana.

Kodi ndalama zonsezi ndi zaulere?

LIP, ELAP, LFP ndi ECP sizibwezedwa, koma zimadulidwa msonkho ngati ndalama ina iliyonse imene famu yapeza. Ngongole zangozi za FSA ndi zobweza, ndi chiwongoladzanja chotsika. Zimafika madola 500,000, zimafuna chikole, ndipo zimaperekedwa kwa amene mabanki amukana. Izi zokha n'zimene zimadikira chilengezo cha nduna ya zaulimi kapena pulezidenti. Kaunti ikalengezedwa, makaunti ogundana nayo amalowa nawo, ndipo alimi amakhala ndi miyezi isanu ndi itatu yolembetsa. Pa mbewu, munthu ayenera kuonetsa kuti zokolola zatsika chifukwa cha ngoziyo.

Moto wa Smokehouse Creek unayambitsidwa ndi pholo la magetsi. Bwanji osalipira eni magetsiwo?

Ofufuza anapeza kuti pholo lofumbwa linathyoka, mawaya n'kugwera pa udzu. Pa 7 Marichi 2024 kampani ya Xcel Energy inavomera kuti zipangizo zake zikuoneka kuti zinakhudzidwa ndi kuyamba kwa motowo, koma inakana kuti inachita mosasamala. Inatsegula njira yoti okhudzidwa apereke madandaulo awo, ndipo ena anapita kukhoti. Imeneyo ndi njira ina, yosiyana ndi ya FSA. Pa chilala, matalala kapena namondwe palibe womusumira, ndipo ngozi zambiri za m'minda ndi za mtundu umenewo.

Podikira boma, anthu anapulumuka bwanji?

Ndi udzu wa anzawo. Masiku oyambirira, malole ndi ngolo zodzaza mitolo ya udzu wouma, chakudya cha ng'ombe, waya ndi nsanamira zinkafika kuchokera ku Texas konse ndi madera ena akutali, zambiri zoperekedwa ndi alimi amene nawonso anapsapo kale. Alangizi a AgriLife anatsegula malo olandirira katunduyo ku Canadian, Pampa ndi matauni ena. Unduna wa zaulimi wa Texas unagawa ndalama za thumba la STAR, limene limadzazidwa ndi zopereka za anthu, osati msonkho. Alimi ena anatumiza ng'ombe zotsala kukadya kwa anzawo kutali, ena anangogulitsa.

Kugula zina kunali kovuta kuposa nthawi ina iliyonse. Mu Januwale 2024 America inali ndi ng'ombe pafupifupi 87 miliyoni, chiwerengero chotsikitsitsa kuyambira 1951, chifukwa zaka za chilala zinali zitakakamiza alimi ambiri kuchepetsa makola. Mitengo inali m'mwamba, ndipo 75 peresenti ya mtengo wa pa ndandanda sinkagula ng'ombe yofanana ndi imene inafa. Wosankha kulera zake amadikira: thole lachikazi limabereka koyamba lili ndi zaka ziwiri, ndipo mwana wakeyo amafunika miyezi ina isanu ndi umodzi kapena kuposa asanapite kumsika. Ndalama za zaka zodikirazo palibe ndondomeko ya boma imene imazilipira.